Kompyuta Yadzaza? Sungani Kaye Mafayilo, SSD Muike Pambuyo

Ndimagwira ntchito yojambula zithunzi, kutaipa makalata ndi kusindikiza makhadi a ukwati pa Boma pano pa Mangochi, ndipo chuma changa chonse chimakhala m'kabokosi kachitsulo kamene kali pansi pa tebulo. Chaka china mu Novembala, dzuwa lathu lija likuswa mtengo, kompyuta inayamba kulira m'kati kuti tike, tike, tike, ngati wotchi yapakhoma. Ndinati ndi fumbi, ndidzapukuta Loweruka. Loweruka lisanafike magetsi anazima ndili pakati pa ntchito, ndipo atabwera kompyuta sinadzukenso. Mu hadi yake, kachipangizo kosunga mafayilo m'kati mwa kompyuta, munali zithunzi za ukwati wa anthu ena a ku Malindi, ndipo za mu memori khadi ya kamera ndinali nditafufuta kale. Mayi a mkwatibwi anabwera okha kudzatenga zithunzi. Ndinawauza kuti, "Mayi, pepani, zithunzi za mwana wanu zatayika m'manja mwanga." Sanandikalipire. Anangoti, "Nanga ukwati umabwerezedwa, mwananga?"

Ndiye anzanga a mashopu oika nyimbo m'mafulashi, a m'maofesi a sukulu, a malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi Monkey Bay, mukandifunsa za kuwonjezera malo mu kompyuta, ndimayamba ndi nkhani ya kusunga mafayilo. Kuika hadi yatsopano ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri. Koma sikuludilaiva musaigwire mafayilo anu asanakhale pamalo ena achiwiri.

Yambani mwadziwa zimene muli nazo

Tsegulani This PC muone kukula kwa C: ndi malo amene atsala. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager ikatseguka pitani pa Performance, muone pamene palembedwa Disk. Windows 11, komanso Windows 10 imene yakhala ikulandira maapudeti, imakuuzani pomwepo ngati ndi HDD kapena SSD. HDD ndi hadi yakale ija, m'kati mwake muli mbale zozungulira, kawirikawiri ka 5400 kapena 7200 pa mphindi, ndi kankono kowerenga. SSD ndi hadi ya mtundu watsopano, ilibe chozungulira chilichonse. Makompyuta ambiri amene timagula ogwiritsidwa kale ntchito, a Dell OptiPlex kapena a HP ProDesk, amabwera ndi HDD yomwe yatumikira zaka zambiri ku ofesi ya eni ake tisanaione.

Dawunilodani kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo. Kamafunsa hadiyo za thanzi lake ndipo kamayankha ndi mawu amodzi mwa atatu: Good, Caution kapena Bad. Kamaonetsanso kutentha kwake ndi maola amene yagwira ntchito chipangidwireni. Mukaona Caution yachikasu, siyani zonse, lero lomwe mukopere mafayilo. Ndipo ngati hadi ikulira kale ngati yanga ija, musaiyatse n'kuizimitsa kambirimbiri poyesa mwayi, chifukwa ulendo uliwonse ukhoza kukhala womaliza.

Koperani zonse, ngakhale zobisala

Pezani hadi yakunja ya USB, ya 1TB kapena 2TB malinga ndi katundu wanu. Musadabwe ikaonetsa 931GB m'malo mwa 1TB. Sanakubereni ayi, opanga hadi ndi Windows amangowerenga mosiyana. Ngati mudzaigwiritsa ntchito pa Windows pokha, ikhale ya NTFS. Ngati idzapitanso pa Mac, exFAT ndiye yabwino. FAT32 siikana kanthu mpaka tsiku limene mudzafuna kukopera vidiyo ya ukwati: fayilo imodzi yopitirira 4GB siilowa.

Lowani mu C:, kenako Users, kenako foda ya dzina lanu. Mmenemo koperani Desktop, Documents, Pictures, Videos, Music ndi Downloads. Downloads ambiri amaiiwala, chonsecho ndi mmene mumagwera makalata onse amene makasitomala amatumiza pa imelo. Ngati kompyuta mumagwiritsa ntchito anthu angapo, aliyense ali ndi foda yake mu Users. Ngati muli ndi D: kapena E:, musaganize kuti ndi hadi ina. Nthawi zambiri ndi hadi imodzi yomweyo yogawidwa zipinda, ndipo denga likagwa zipinda zonse zimapita.

Apa ndichedwepo, chifukwa anthu amalira ndi zinthu zimene sizioneka pa Desktop. Pulogalamu yowerengera ndalama kapena yolembetsera alendo imasunga deta yake kumalo ake, ndiye itseguleni mufufuze pamene palembedwa Backup kapena Export, mutulutse fayiloyo nokha. Ogwiritsa ntchito Outlook yakale, makalata anu akhoza kukhala mu fayilo yothera ndi .pst. Ife opanga makhadi ndi mapositala tisaiwale mafonti amene tinaika tokha. Ambiri amakhala mu foda ya Fonts ya mu C:\Windows, ena mu foda yobisika ya AppData, ndipo popanda iwo khadi lija la chaka chatha lidzatseguka ndi zilembo zachilendo. Mapasiwedi a mu Chrome kapena Edge onetsetsani kuti alumikizidwa ndi akaunti yanu, ndipo pasiwedi ya akauntiyo mukuidziwa pamtima. Lembaninso m'kope mayina a mapulogalamu onse amene mumagwiritsa ntchito ndi makiyi awo.

Chinanso ndi BitLocker, loko wa Windows wotseka hadi yonse. Makompyuta ena amakhala atatsekedwa nayo mwiniwake osadziwa. Ngati pa C: mukuona kachizindikiro ka loko, pezani kiyi yake ya manambala 48, imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, muilembe papepala. Mukasintha zinthu m'kati mwa kompyuta ikhoza kuifunsa, ndipo popanda iyo palibe katswiri amene angakutsegulireni.

Pokopera sankhani Copy, osati Cut. Magetsi akazima pakati pa Cut, katundu amatsala theka uku theka uko, osadziwanso kuti wafika ndi uti. Yambani ndi zofunika kwambiri, foda imodziimodzi. Mukamaliza, dinani kumanja kwa mausi pa foda yoyambirira, musankhe Properties, muone chiwerengero cha mafayilo ndi kukula kwake, muyerekeze ndi foda ya mu hadi yakunja. Zikafanana tsegulani zithunzi zingapo, kalata imodzi, vidiyo imodzi. Zikatseguka, tulutsani hadiyo ndi Eject, muizule, muiike m'kabati.

Kugula

Kwa kompyuta zambiri za kuno, SSD ya SATA ya mainchesi 2.5 ndiyo yoyenera. Imalowa pa zingwe zomwezo za hadi yakale, ndipo imawerenga pafupifupi 500MB pa sekondi pamene HDD imakakamira cha m'ma 100 kapena kupitirirako pang'ono. Kusiyana kwenikweni mudzakuona poyatsa: kompyuta imene inkakupatsani nthawi yosesa shopu yonse isanadzuke imadzuka musanakhale pansi bwinobwino. Makompyuta atsopanoko ali ndi kampata ka M.2 pa motherboard, bolodi lalikulu limene zonse zimalumikizidwapo, kolowetsamo SSD yopyapyala ngati kalula kakang'ono. Yofala ndi ya 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Samalani, za M.2 zilipo za NVMe ndi za SATA, ndipo si kampata kalikonse kamalandira zonse ziwiri. Fufuzani pa intaneti dzina ndi nambala ya kompyuta yanu musanapereke ndalama.

Kukula kwake, 256GB imakwana Windows ndi ntchito za mu ofesi. Wa zithunzi ndi mavidiyo ayambire 512GB. Ya 128GB ine sindilimbikitsa, imadzaza msanga ndi maapudeti okha. Njira yosawononga ndalama ndi iyi: SSD yapakatikati ya Windows ndi mapulogalamu, hadi yaikulu ya HDD yosungira katundu wolemera.

Kaya mukugula pa Boma pompano, kaya mwatuma munthu ku Limbe kapena ku Lilongwe, tengani lisiti ndipo mufunse za waranti. Chenjerani ndi mafulashi ndi mahadi olembedwa 2TB koma mtengo wake wa ndiwo za tsiku limodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zinthu zimenezi zimanamiza kompyuta kuti ndi zazikulu, mafayilo amaoneka ngati alowa, koma mukadzawatsegula mupeza ndi makoko okhaokha. Kapulogalamu ka H2testw kamadzaza chipangizo chonse n'kuwerenganso, ndipo bodza limaululika. Kamatenga nthawi, koma yesani musanaikemo kanthu kanu.

Kutsegula bokosi

Zimitsani kompyuta, zulani pulagi ku khoma, kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Gonekani bokosi lija timalitcha CPU patebulo louma, chotsani chivundikiro cha m'mbali. Ena ali ndi masikulu awiri kumbuyo, a Dell ndi HP ambiri ali ndi kachogwirira kongokoka. Musanakhudze chilichonse m'kati, gwirani kaye chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwanu atuluke. Jambulani m'katimo ndi foni, kuti mudzakumbukire chingwe chilichonse pamene chinali.

Mudzapezamo fumbi la chilimwe chonse, mwinanso mphemvu zitamanga mudzi. Tulutsani bokosi panja, mulipemerere ndi bulowa kapena kabulashi kofewa, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopenga. Nsalu yonyowa ayi. Kutentha kwa ku Mangochi kuno mu Okutobala ndi Novembala n'kokwanira kale, kompyuta yotsekeka ndi fumbi imapsa kawiri.

Hadi imalumikizidwa ndi zingwe ziwiri. Chaching'ono, cha mapini 7, ndi cha deta ndipo chimapita pa motherboard. Chachikulu, cha mapini 15, ndi cha magetsi. Kukamwa kwa zonse ziwiri kuli ngati chilembo cha L, ndiye zimalowa mbali imodzi yokha. Zikakana, tembenuzani, musakakamize, pulasitiki yake imathyoka msanga. Kawirikawiri SSD imabwera yopanda chingwe cha deta, choncho gulirani limodzi. Lumikizani pa kampata kolembedwa SATA0 kapena SATA1. Ngati mulibe malo omangira SSD ya 2.5, pali kachitsulo kosinthira kolowa m'malo a 3.5. Kakasowa, imangeni bwino ndi timalamba ta pulasitiki kutali ndi fani. Ilibe chozungulira, ndiye kapendekedwe sikaivuta. Ya M.2 imalowa mopendekeka, n'kuikanikizira pansi, n'kumanga ndi kasikulu kamodzi kakang'ono kwambiri. Kasikulu kameneka kakagwa pansi simukapezanso, yalani pepala loyera.

Kuika Windows pa SSD

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kukopera hadi yonse monga ilili, imene amisiri amati kukulona. Clonezilla ndi yaulere, ndipo opanga SSD ena monga Samsung ndi Crucial amapereka pulogalamu yawo ya ntchitoyi. Ubwino wake, mapulogalamu onse amasamuka osafuna kuikanso. Koma katundu wa pa hadi yakale akhale wochepa kuposa kukula kwa SSD, ndipo muyang'ane kawiri kuti gwero ndi liti, kolowera ndi kuti. Mukazitembenuza, chopanda kanthu chidzafufuta chodzaza.

Yachiwiri ndi kuika Windows yatsopano, ndipo ndiyo ndimaikonda, makamaka pa kompyuta imene yalandira mafulashi a anthu onse a mumsika. Kukulona kumasamutsanso mavayilasi ndi zinyalala zonse. Pa kompyuta ina yabwino, pitani pa webusaiti ya Microsoft mudawunilode Media Creation Tool, muikonzere fulashi ya 8GB kapena kuposa. Zonse za mu fulashiyo zidzafufutika. Ntchitoyi imadya ma GB angapo, ndiye konzani bandulo yokwanira. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndiye ngati kompyuta yanu ili ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yovomerezeka, ikani Windows 11.

Musanayambe, zulani chingwe cha deta cha hadi yakale, mutsale SSD yokha. Izi zimateteza zinthu ziwiri: simungafomate hadi yolakwika, komanso Windows siingakaike mafayilo ake odzutsira kompyuta pa hadi yakaleyo. Ndinaonapo kompyuta ikukana kudzuka tsiku limene hadi yakale inachotsedwa, chonsecho Windows inali pa SSD, chifukwa cha kulakwitsa komweku. Lowetsani fulashi, yatsani, mudine F12 ngati ndi Dell kapena F9 ngati ndi HP, musankhe fulashiyo. Mukafika posankha malo, sankhani SSD imene ikuoneka ngati Unallocated Space. Ikafunsa kiyi, ndipo kompyutayo inali kale ndi Windows yovomerezeka ya mtundu womwewo, sankhani kuti mulibe kiyi. Ikadzalumikizidwa pa intaneti imadzitsimikiza yokha, chifukwa chilolezo chimamangiriridwa ku motherboard.

Ntchito imeneyi musaiyambe kunja kukuchita mabingu kapena pamene mukudziwa kuti magetsi atsala pang'ono kuzima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kubwezera hadi yakale

Windows ikakhazikika, zimitsani, zulani pulagi, bwezerani chingwe cha hadi yakale. Kompyuta ikadzukira pa Windows yakale, lowani mu BIOS, mosinthira mmene kompyuta imadzukira, ndi F2 pa Dell kapena F10 pa HP, muike SSD patsogolo. Hadi yakale idzaoneka ndi chilembo china. Musafulumire kuifomata. Isiyeni sabata ziwiri kapena zitatu mukugwira ntchito, chifukwa nthawi zonse pamapezeka kanthu kamene munaiwala. Mukakhutira, ndipo ngati CrystalDiskInfo inati Good, ifomateni ikhale nkhokwe. Ngati inati Caution, ichotseni, yatha ntchito.

Ngati mwagula hadi yatsopano yachiwiri ndipo siikuoneka mu This PC, siinafe. Dinani batani la Windows ndi X, musankhe Disk Management. Idzafunsa MBR kapena GPT, sankhani GPT, chifukwa MBR imalekera pa 2TB. Kenako dinani kumanja pa malo akudawo, New Simple Volume, NTFS, basi. Kuti SSD isadzaze, dinani kumanja pa Pictures kapena Videos, Properties, Location, Move, muzilozere ku hadi yaikulu. SSD muziisiyira mpata wopumira, isafike pofiira.

Bakapu ya masiku onse

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene ambiri amapusitsika ndi liwiro la SSD. HDD nthawi zina imachenjeza, imalira, imachedwa. SSD ikhoza kufa mwakachetechete, dzulo inali bwino, lero kompyuta siikuiona, ndipo kupulumutsamo mafayilo n'kovuta kwambiri. Komanso mahadi awiri m'bokosi limodzi si bakapu, kutanthauza kope lodzapulumukirapo, yokwanira. Mphenzi imodzi imawotcha onse, wakuba amanyamula bokosi lonse.

Akatswiri amalangiza lamulo la 3-2-1: mafayilo ofunika akhale m'malo atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi nyumba imene muli kompyuta. Makolo athu ankachita zomwezo ndi mbewu. Chimanga chodya chili munkhokwe, koma chodzabzala chamangidwa pachokha pamwamba pa moto m'khitchini, ndipo china chili kwa achemwali kutsidya. Za kutali zija si nkhambakamwa kwa ife a m'mbali mwa madzi. Mu 2024 nyanja itakwera, madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri kuno. Hadi ya bakapu imene inali m'dilowa ya pansi, pafupi ndi kompyuta, ikanamira nayo limodzi.

Ine ndimachita chonchi. Lachisanu lililonse ndisanatseke shopu ndimalumikiza hadi yakunja. Mu Control Panel muli File History. Mukaiyatsa kamodzi n'kusankha hadiyo, imasunga mafoda anu akuluakulu pamodzi ndi makope akale a fayilo iliyonse, moti kalata imene mwaiwononga lero mutha kuibweza mmene inalili sabata yatha. Onetsetsani kuti mafoda a pa hadi yachiwiri alowa nawo, apo ayi muwakopere ndi manja. Ikamaliza ndimaitulutsa ndi Eject n'kupita nayo kunyumba. Kuisiya yolumikizidwa usiku ndi usana ndi kulakwitsa, chifukwa vayilasi yotseka mafayilo n'kufuna dipo imagwira chilichonse cholumikizidwa, chimodzimodzi magetsi akabwera mwamphamvu. Ndili ndi mahadi awiri osinthanasinthana, imodzi ikakhala ku shopu ina ili kunyumba. Muziisunga pouma, pamwamba, m'kachikwama kofewa. Musaisiye m'galimoto yotseka padzuwa kapena pawindo, ndipo pa kabaza isagubuduke m'jumbo limodzi ndi zitsulo. Hadi yakunja ya HDD ikagwa ikuzungulira, nthawi zambiri kwatha.

Malo achitatu ndi pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka 15GB yaulere, yogawana pakati pa Gmail, Google Drive ndi Google Photos, pamene OneDrive imapereka 5GB. Ndi bandulo zathuzi simungakwezeko mavidiyo onse, ndiye sankhani zimene sizingapezekenso kwina: masatifiketi, mapepala a malo, mabuku a ndalama, zotsatira za ana asukulu, zithunzi zosankhika za makasitomala. Nyimbo ndi mafilimu mutha kuzipezanso, zisadye malo. Kumbukirani kuti foda yolumikizidwa ndi Drive kapena OneDrive imatsanzira zimene mwachita. Mukafufuta pa kompyuta, pa intanetiponso zimapita mu bini, ndipo pakatha masiku 30 zimachokeratu.

Fulashi ndi yonyamulira, si nkhokwe. Imatayika, imachapidwa m'thumba la buluku, ndipo imatenga vayilasi ija yosandutsa mafoda kukhala mashotikati. Zikakuchitikirani musafomate msanga, mafayilo amakhala angobisidwa. Yambani mwaisesa ndi antivayilasi, kenako tsegulani Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* mutasintha E ndi chilembo cha fulashi yanu. Hadi ya bakapu musaibwereke munthu, ngakhale achimwene anu atati angokoperamo filimu imodzi. Apatseni fulashi ina.

Mukapeza ndalama, UPS, kabokosi ka batire kolumikizako kompyuta, ibwere patsogolo pa sipika zatsopano. Siyogwirira ntchito magetsi akazima, ndi yokupatsani mphindi zochepa zosevera ntchito ndi kuzimitsa bwino. Nyengo ya mvula, mabingu akayamba cha kumapiri a ku Namwera, zulani pulagi ku khoma, kuzimitsa swichi kokha sikukwanira. Ndipo ife ojambula, memori khadi isafomatidwe zithunzi zisanafike m'malo awiri.

Kamodzi pamwezi tengani hadi ya bakapu, muilumikize pa kompyuta ina, kaya laputopu ya kunyumba, mutsegule mafayilo asanu kapena khumi a masiku osiyanasiyana, kuphatikizapo amene munapanga sabata yomweyo. Yesaninso kubweza fayilo imodzi kudzera mu File History kuti manja azolowere njira yake. Mukapeza kuti fayilo yatsopano kwambiri mmenemo ndi ya miyezi itatu yapitayo, ndiye kuti File History inaima osakuuzani. Iyatseninso tsiku lomwelo, ndipo pachikuto cha hadiyo mumatepo kapepala kolembapo deti la bakapu iliyonse.